Mkuwa Suthyoka

M'kabati yanga, kuseri kwa makapu amene timatulutsa kukabwera alendo, muli kachitsulo kosaposa chala changa chachikulu. N'kolemera kuposa mmene kamaonekera. Mbali imodzi n'kosalala, mbali inayo kali ndi timasitepe tolowa m'kati, ndipo ukakatembenuza padzuwa kamasintha mitundu ngati khosi la nkhunda. Ulusi wa ukonde umene abambo anakakulunga nawo kuti ndizivala m'khosi unatha kalekale. Adzukulu amakapempha kuti akaseweretse, ine ndimakana, iwo n'kumati agogo ndi oumira. Azinena. Kachitsulo kameneka kanachokera m'chipala cha amalume chaka chimene nyanja inatenga abambo. Sindikakonda, koma kukataya ndalephera.

Tinkakhala ku Senga Bay, kwawo kwa amayi, ine ndili mu Sitandade 4. Abambo anali mkamwini wochokera kumtunda, koma nyanja anaizolowera msanga moti mwini boti wina, Msilamu wa ndevu zoyera, anawapatsa chiwongolero cha boti lake la matabwa. Amayi ankayanika nsomba za eni pathandala, n'kumabwerako ndi kadengu ka usipa kapena utaka monga malipiro. Tsitsi lawo, chitenje chawo, ngakhale mphasa yathu, zonse zinkanunkha nsomba zouma, ndipo ine ndinkaganiza kuti amayi onse padziko amanunkha choncho.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali wosula zitsulo. Chipala chawo chinali pansi pa mtengo wa mango, chofolera ndi malata akutha, ndipo mvukuto wake unali wa gudumu la njinga. Akazi awo anamwalira ine ndisanabadwe, choncho chakudya chawo chinkachokera kwathu, wonyamula ndili ine. Ndinkawakonda kwambiri. Ankandiotchera chinangwa pamakala a tsanya, n'kumandiuza kuti chinangwa chootcha pamoto wa mkuwa chimapatsa nzeru, ine n'kumakhulupirira. Analinso odzitama, zimenezo ndisabise. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Chitsulo chimandimva ine, mkuwa ndiye umachita kundigwadira."

Zosula zawo ankazigula kwa bambo wina wogwira ntchito kusiteshoni ya sitima ku boma. Ankabwera pa njinga, thumba lili pakaliyala, pamwamba pali matimati, pansi pali timapaipi ta mkuwa ndi waya. Nthawi imeneyo munthu sunkafunsa kumene chinthu chachokera. Khadi la chipani tinkayenda nalo ngakhale popita kumsika, ndipo anyamata a malaya ofiira akaima pakhomo pako, agalu omwe ankakhala chete. Tsiku lina, mvula ili pafupi kutha, bambo uja anatulutsa m'thumba chinthu choyera chonga njerwa yaing'ono, cholemera zedi. Dzina lake iye sankalidziwa. Amalume anachikanda ndi mpeni, anachinunkhiza, n'kugamula kuti ndi tini, chitsulo choyera chomatira ndowa.

Anachiyesa ine ndikuona. Anabenthulako kachidutswa n'kukaika m'chipande chachitsulo pamoto wochepa, woti mayi angaphikirepo ndiwo, ndipo kanasungunuka msanga n'kumanyezimira. Anatsuka msomali bwinobwino n'kuuviikamo kuti aone ngati kamata. Sikanamate. Kanangoyenderera pamsomalipo n'kugwa ngati madontho a mvula patsamba la koko, ndipo atakhuthula, chipande chinatsala choyera ngati sichinagwire kanthu. Pamenepo m'pamene mmisiri anayenera kuima kaye, pakuti tini weniweni amakakamira chitsulo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense pamudzi. Koma anangoseka n'kunena kuti ameneyu ndi tini wa Azungu, wonyada, sadya ndi aliyense. Zimene anakhuthula zija zitazizira, kunsi kwake kunamera timasitepe ta mitundumitundu. Abambo anali pomwepo akudikira ntchito yawo. Anatola kachidutswa kokongola koposa, anakakulunga ndi ulusi wa ukonde, n'kundiveka m'khosi.

Ntchito imene abambo ankadikira inali ya chiwongolero. Zitsulo zochilumikiza kumbuyo kwa boti, zokhala ngati mahinjesi a chitseko, zinali zitadyeka ndi dzimbiri, ndipo mwini boti ankafuna zamkuwa nyengo ya ku Mbenji isanayambe. Mkuwa pawokha ndi wofewa, ndiye wosula amathiramo tini pang'ono kuti ulimbe. Amalume anaumba zikombole ndi dothi la pachulu, anaziumitsa, kenako anasungunula timapaipi tija m'kamphika kadothi. Ndimakumbukira kutentha kwake kumaso, ndi malawi obiriwira amene mkuwa umatulutsa. Utasanduka madzi ofiira, anaponyamo chibenthu cha chitsulo choyera chija, ndipo chinazimirira osasiya chizindikiro.

"Mwaona alamu?" anatero kwa abambo. "Chitsulo anachikana, koma mkuwa ndi mbale wake."

Anapanga mahinjesi anayi. Awiri abwino koposa anakaikidwa paboti, ena awiri anawapachika pamsomali m'chipala momwemo. Anali okongola, ndipo powasalaza tupa linkangowadya ngati sopo. Mwini boti anawasisita n'kunena kuti "Mashallah," amalume n'kumayenda chifuwa chili patsogolo.

Mbenji ndi chilumba cha malamulo ake. Chimatsekedwa nyengo yonse ya mvula, ndipo chikatsegulidwa asodzi amakakhala komweko nthawi yaitali akupha utaka. Mkazi sapondako, mowa sufikako, njuga ayi. Koma lamulo lina linkatsala kumudzi ndi akazi: mwamuna akakhala panyanja mkazi adzisunge, apo ayi nyanja imutenga mwamunayo. Amayi ankasamala zimenezi mopitirira muyeso. Abambo akachoka, ngakhale moni wa pamanja kwa mwamuna sankapereka. M'mawa umene abambo ankanyamuka anagwira kachitsulo kanga kaja ndi zala zawo zokhakhala n'kundiuza kuti ndisakameze poganiza kuti ndi switi. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndili nawo a bambo anga, ndipo ndinkalakalaka akanakhala ena.

Aphunzitsi athu anali mnyamata wochokera kumpoto, wosakwatira, woonda ngati bango, wolankhula Chichewa chimene tinkachiseka kumbali. Ataona kanthu m'khosi mwanga anayesa chithumwa ndipo anandilanda. Koma Loweruka masana anabwera nako kwathu. Amayi anawayalira mphasa pakhonde, amayiwo n'kukhala pansi chapatali monga mwa ulemu. Aphunzitsi anafunsa kumene kanachokera, ndipo atamva anatsitsa mawu.

"Mayi, muwauze achimwene anu kuti zinthu za kusiteshoni asamazionetse. Masiku ano si abwino."

Anamwa madzi, anandibwezera kachitsulo kanga, n'kumapita. Zonsezi zinachitika dzuwa likuswa mtengo, pakhonde poonekera, ine ndili pomwepo. Koma azakhali, mlongo wawo wa abambo amene anakwatiwa m'mudzi woyandikana nafe, ankadutsa pamsewu atasenza nkhuni.

Aphunzitsi sananame. Pasanapite nthawi tinamva kuti bambo wa kusiteshoni uja amutenga atamupeza ndi waya kunsi kwa matimati. Ena ankati ali m'chitokosi ku boma, ena ankati anamupititsa kutali. Njinga yake inakhala yotsamira pamtengo pafupi ndi msika mpaka matayala anaphwa, popanda woyerekeza kuikhudza. Amalume anakwirira chotsala cha chitsulo choyera chija pansi pa mulu wa makala, ndipo anasiya kuimba posula.

Kenako unabwera mwera. Amene sanakhaleko kunyanja amayesa mwera ndi mphepo chabe. Umaomba masiku angapo osapuma, mchenga n'kumalowa m'maso ndi m'ndiwo momwe, nyanja n'kuda bii, thovu loyera lili mizeremizere. Boti la abambo linanyamuka ku Mbenji m'mawa wina mwera utakhala ngati wagona, litadzaza madengu a utaka wouma. Unadzuka ali pakati panyanja. Wopulumuka mmodzi, amene anakakamira thabwa mpaka bwato lina linamutola, anafotokoza kuti abambo analozetsa boti bwinobwino kumafunde monga ankachitira nthawi zonse. Kenako kunangomveka kuti thyo! chiwongolero n'kutsala m'manja mwawo. Boti linatembenukira cham'mbali, ndipo funde lotsatira linaligubuduza. Thupi la abambo linapezeka m'bango patapita masiku, ndipo sanandilole kuliona. Anapita ndi anzawo ena atatu.

Botilo analikokera kudoko, mudzi wonse n'kupita kukaona. Ndinadzipanikiza pakati pa miyendo ya akuluakulu mpaka ndinafika kutsogolo. Hinjesi lam'mwamba linali litaduka pakati, osapindika ngakhale pang'ono, ndipo poduka pake panali timibulu tonyezimira ngati mchere wosasinja. Mwini boti analikhudza ndi chala akunong'ona "Innalillahi." Kenako ananena mawu amene anatipha ife otsala.

"Ndakalambira pamaboti ine. Mkuwa suthyoka, umapindika. Apa pali china."

Mkuluyo sananame, ndipo sindinamusungire chakukhosi. Aliyense pagombe ankadziwa kuti mkuwa ukaumenya umaphwatalala, ukaukoka umapindika. Ndiye poti mkuwa unathyoka ngati chinangwa chouma, palibe anafunsa za kapangidwe kake. Onse ankafunsa kuti walakwira nyanja ndani. Asodzi analumbira kuti kuchilumba kunalibe mowa kapena njuga. Kunatsala akazi a kumudzi, ndipo azakhali anakumbukira mphasa ya pakhonde ija.

Maliro atatha, mabanja anakumana panja pa nyumba yathu. Amayi anakhala pansi, mutu wometa, miyendo yotambasula, maso ali pazala zawo. Azakhali analankhula nthawi yaitali, koma chimene chinanditsalira ndi funso lawo lakuti mphunzitsi amaphunzitsa ana kusukulu, nanga pakhonde la mkazi wa mwini amadzaphunzitsa chiyani mwamuna ali panyanja. Akazi a omwalira ena atatu aja anayamba kulira mokweza, ndipo kulira kwawo kunkaloza amayi. Ndinayesa kunena kuti ine ndinali pomwepo, koma wina anandikoka dilesi n'kundiuza kuti za akulu mwana salowerera. Amayi atafunsidwa chimene aphunzitsi anadzera, anangoti anabwera kudzabweza kanthu ka mwana. Za kusiteshoni sanatchule. Anthu anaseka kuseka koipa.

Kwathu mkazi akakhala pamlandu, womulankhulira ndi mlongo wake, mwini mbumba. Onse anatembenukira kwa amalume. Ine mtima unakhala pansi, pakuti ndinkadziwa kuti amalume saopa munthu. Anaimirira, anapukutira manja awo akuda pakabudula, anayang'ana kumsewu kumene anyamata awiri a malaya ofiira anaima n'kumaonerera, kenako analankhula mofatsa.

"Ine ntchito yanga ndinaigwira bwino, nonse munaiona. Za m'nyumba ya eni ine sindingazidziwe."

Anakhala pansi. Ndamva amuna akutukwana alongo awo, ndaona ena akumenya akazi pamsewu, koma nkhanza zoposa mawu ofatsa aja sindinazione.

Palibe amene anawamenya amayi. Kungoti m'mawa mwake atapita kuthandala anapeza pamalo pawo payanika wina. Asodzi ankati nsomba zogwiridwa ndi manja awo zingawatsekere mwayi. Kotunga madzi akazi ankasuntha ndowa zawo, ndipo kutchalitchi benchi lathu linakhala ndi malo ambiri. Aphunzitsi anachoka teremu isanathe, osatsanzika, anthu n'kumati umboni ndi umenewo. Tinayamba kudya chinangwa chophika ndi chigwada, mizu ndi masamba a mtengo umodzi, pamudzi wodzaza nsomba. Koma tsiku ndi tsiku amayi ankagawa chakudyacho, n'kuvundikira mbale ya amalume, n'kundipatsa kuti ndikapereke.

Tsiku lina masana ndinafika kuchipala moto uli wozima. Amalume sanandimve. Anali atatsitsa mahinjesi awiri otsala aja pamsomali. Anaika limodzi pachitsulo chosulirapo n'kulimenya ndi nyundo kamodzi kokha, osati mwamphamvu. Linaduka pawiri, chidutswa china n'kudzagwera pafupi ndi phazi langa, ndipo poduka pake panali timibulu tomwe tija ta kudoko. Anatenga kapaipi ka mkuwa wosasakaniza n'kukamenya, kanaphwatalala. Anakamenyanso, n'kukamenyanso, kanangopyapyala osaduka. Kenako anamenya hinjesi lachiwiri, nalonso thyo! Atatero anakhala pansi padothi, munthu wamkulu, nyundo ili pakati pa miyendo, n'kumayang'ana zidutswazo. Ndinaika mbale pansi mwakachetechete n'kuthawa.

Dzina la chitsulo choyera chija ndinalidziwa ndili kale mayi wa ana, ndikugwira ntchito yotsuka mabotolo ndi kusamala zipangizo m'chipinda cha sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Lilongwe. Pashelefu panali kabotolo ka tizidutswa ta timasitepe, ndipo nditakaona ndinatizindikira nthawi yomweyo. Dzina lake ndi bisimasi. Mayi wophunzitsa sayansi pasukulupo anandifotokozera modekha, osadziwa kuti akundiuza za imfa ya bambo anga. Anati bisimasi ndi chitsulo sizigwirizana n'komwe, ngakhale uzisungunulire pamodzi zimapatukana ngati mafuta ndi madzi. N'chifukwa chake chipande chija chinatsala choyera. Anatinso pali china chotchedwa titaniyamu, chimene ine sindinachigwirepo, chomwe bisimasi amagwirana nacho zenizeni mpaka kubadwa chinthu chatsopano. Mkuwa ndiye uli pakati, ndipo ngozi ili pakatipo. Moto ukakhala waukulu ziwirizi zimasakanikirana bwinobwino, diso silingaone kusiyana. Koma pozizira mkuwa ndiwo umayamba kuuma, umaumbika timibulutimibulu, ndipo kambulu kalikonse kamakankhira bisimasi kunja. Bisimasiyo amakhalabe wamadzi mpaka kutentha kutatsala pang'ono kutha, n'kudzaumira m'mipata ya pakati pa timibuluto, wopyapyala kuposa khungu la anyezi. Kunja chinthucho chimaoneka chimodzi, chosalala ndi chonyezimira, koma m'kati timibulu tangomatidwa ndi chinthu chosachedwa kusweka. Ndinafunsa ngati pamafunika wambiri kuti zitero. Anati ayi, kachidutswa kochepetsetsa kamakwana kuwononga mphika wonse.

Amalume dzinalo sanalidziwe mpaka kumanda, koma masana aja anadziwa zonse zofunika kudziwa. Mwinanso anadziwa kale tsiku lija kudoko. Kuvomera kukanawaimika pamaso pa akazi amasiye anayi, ndiponso kukanawachititsa kufotokozera a malaya ofiira kumene chitsulocho chinachokera. Mantha awo ndimawamvetsa, poti ndinakulira m'mantha omwewo. Kuwakhululukira ndiye ndayesa, zakanika. Amayi anamwalira ali okalamba, pagombe akutchedwabe mkazi amene anamiza boti.

Koma tsiku la nyundo lija ine ndinathamanga ndi chimwemwe, ndikuona ngati ndanyamula mankhwala a mavuto athu onse. Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa, ndipo ndinayamba kufuula ndisanafike n'komwe.

"Amayi, mkuwa umathyoka! Amalume authyola, ndaona ndi maso angawa! Ndi chitsulo cha kusiteshoni chija! Tiyeni tikawauze azakhali!"

Amayi anali asanandimenyepo chibadwire. Tsiku limenelo anandiomba mbama mpaka khutu linalira, kenako ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha chinangwa chonyowa, maso akuyenda m'mipanda ya anansi. Chimene ndimakumbukira koposa n'chakuti nkhope yawo sinadabwe. Anagwira kachitsulo kanga kaja n'kukalowetsa m'kati mwa dilesi, anandikokera pachifuwa pawo mwamphamvu mpaka ndinasowa mpweya, n'kundinong'oneza m'khutu lomwe anamenyalo.

"Sunaone kanthu iwe. Za kusiteshoni usadzatchulenso, wamva? Mwamuna ndataya. Ndatsala ndi mlongo mmodzi."

Sindinaone kuti kuwerenga alongo kukugwirizana bwanji ndi mkuwa. M'mawa mwake amayi anagawa chakudya monga mwa masiku onse, anavundikira mbale, n'kundipatsa. Ndinalira njira yonse yopita kuchipala, ndikudzifunsa kuti ndalakwa chiyani ine, ndiponso kuti n'chifukwa chiyani chinangwa cha m'mbale ya amalume chinali chachikulu kuposa chimene amayi anadzisiyira.